Jekete la Bambo Ojambula

Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka ziwiri, ndipo ndinakula osadziwa nkhope yawo. Bambo anga anali atasowa ndisanabadwe. Amene anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, m'kanyumba kamatabwa kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Mbare, mumzinda wa Harare. Agogo amati zithunzi zinalipo zinayi, m'sutukesi yabuluu, pamodzi ndi khadi la ubatizo. Chaka chimene tinyumba takuseri tinagwetsedwa, katundu wathu anakwezedwa pa lole imodzi ndi wa mabanja ena atatu, ndipo potsitsa, sutukesi ija sinaoneke. Ndinali wamng'ono. Ndimakumbukira kuti ndinalirira kapu yanga yofiira. Zithunzizo ndinadzazilirira nditakula.

Agogo sankakonda mafunso. Ankagulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi Musika, msika waukulu wa ku Mbare, ndipo pofika kunyumba mawu onse ankakhala atathera kwa ogula. Ndikawafunsa kuti mayi ankaoneka bwanji, tsiku lina ankati, "Ngati iweyo, koma wakuda pang'ono." Tsiku lina ankati, "Ungafanane naye iwe? Uja anali wokongola." Ndinaphunzira kukhala chete n'kumayang'ana anthu. Mu kombi, minibasi za kuno, kapena pamzere wa madzi ndinkasankha mayi mmodzi n'kumubwereka mphuno, wina masaya, kuyesa kumanga nkhope m'mutu mwanga. Sizinkagwirana.

Ku tchalitchi kwathu, kumene timapemphera m'Chichewa mpaka lero, kunali bambo wina wachikulire amene aliyense ankawatchula kuti bambo ojambula, ngakhale kuti kamera anaisiya kalekale. Anachokera ku Dedza ali mnyamata, kutsatira amalume awo amene ankagwira ntchito ya njanji. Kwa zaka zambiri ankazungulira pa njinga, kamera ili m'khosi, kujambula maukwati, ana obatizidwa, ndi aliyense wofuna chithunzi choti atumize kumudzi. Mafoni atabwera ntchito inatha. Sanadandaule. Anayamba kulima repu kuseri kwa nyumba yawo ndi kutsogolera kwaya.

Foni anali nayo, yabwinonso, yowatumizira mwana wawo wamkazi wa ku Joni. Anali m'gulu la pa foni la mpingo wathu, ndipo ankalembamo nthawi ya kwaya ndi uthenga wa maliro. Koma pamene anthu amaika nkhope zawo, iwo panali kabwalo kotuwa kopanda kanthu. Pa ukwati, achinyamata akakweza mafoni, bambowa ankapezeka awerama akumanga chingwe cha nsapato, kapena apita kukatengera mayi wina mpando. Sankakana mokweza, sankakalipira munthu. Ankangosowa pachithunzipo. Ndinaziona chifukwa inenso ndinkathawa mafoni, ndipo kawirikawiri tinkakumana kuseri kwa tenti imodzimodzi. Koma ine ndinkathawa chifukwa cha manyazi. Munthu woyambitsa nyimbo pamaso pa mpingo wonse, dzanja lili m'mwamba, sangakhale wamanyazi.

Anthu anali ndi mayankho awo. Ena ankati amaopa afiti. Ena ankati ali ndi mkazi wina kwinakwake ndipo safuna kuti awapeze. Iwo akamva ankangoseka n'kunena kuti mkazi ameneyo akapezeka amuuze abwere adzawathandize kuthirira repu.

Ndinali nditayamba kale ntchito yosoka maovololo ku mafakitale a ku Workington pamene ndinamva mayi wina akunena, tikutsuka mbale pa maliro, kuti bambo ojambula ali ndi bokosi lachitsulo lodzaza zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Ena anasamuka, ena anabwerera kwawo, ambiri anamwalira, pakuti zaka zimenezo anthu ankapita ambiri. Madzulo ndinafunsa agogo ngati bambowa anawajambulapo mayi anga.

"Kangati?" anatero agogo. "Ankakonda kujambulitsa ngati mwana wa bwana."

Apa n'kuti agogo atasiya msika. Maso awo anali atachita ng'ala. Lamanja linali litatheratu, lamanzere linkaona pang'ono padzuwa. Anthu amene ankawadziwa mayi anga anabalalika pamene tinyumba tija tinagwetsedwa. Munthu amene akanaloza chithunzi n'kunena kuti uyu ndi iye anali mmodzi yekha, ndipo diso lake linkazima mwezi ndi mwezi.

Ndinalibe mtima wopita ndekha. Ndinatenga mnzanga wa kuntchito, wa makina oyandikana ndi anga. Nayenso ndi mdzukulu wa anthu a ku Malawi, koma Chichewa chake chimathera pakati pa chiganizo n'kulowa m'Chishona. Ndi munthu wamtima wabwino, woseka kwambiri, ndipo m'mawa uliwonse amadzijambula ali mu kombi n'kuika pa foni kuti onse aone.

Tinawapeza bambowo Loweruka masana akuthirira. Anatikhazika pakhonde, n'kumvetsera mpaka ndinamaliza kuchita chibwibwi.

"Mayi ako ndikuwakumbuka kuti analipo," anatero. "Koma ndisakunamize, mwana wanga. Nkhope zandichulukira m'mutumu. Sindingawaloze."

"Sekuru, nkhani yake ndi yophweka," anatero mnzanga, kuwalemekeza m'Chishona, foni ili kale m'manja. "Tulutsani bokosilo. Ndizijambula zonse lero lomwe, tiziika pa tsamba la anthu akale a ku Mbare. Pofika mawa aliyense wapeza wake. Mudzatchuka, sekuru."

"Kutchuka ndinatchuka kale, pa njinga."

"Ndiye mukuzisungira ndani? Njenjete?"

Bambowo anaimirira. Analowa m'nyumba, ndipo ndinaganiza kuti akukatenga bokosi. Anatuluka ndi jekete labulauni, lonyezimira m'zigongono, ali nalo pa hang'ala. Analikoleka pa msomali wa pakhonde, n'kulisasa fumbi paphewa.

"Jekete ili linkayenda nane pa keriyala," anatero. "Ndi wotchi, yosayenda. Munthu wokankha ngolo ku Musika, wosesa ku fakitale ku Workington, akafuna chithunzi chotumiza kumudzi ankabwera ndi malaya ochapa okha. Ine ndinkamuveka jekete, wotchi padzanja, dzanjalo pachifuwa kuti ioneke. Chithunzi n'kupita ku Ntcheu, ku Chipata, ku Mzimba. Jekete ili lakwatitsa anthu. Lero kumudzi kuli ana, ena ali ndi imvi, amene ali ndi chithunzi chimodzi pakhoma, ndipo amati bambo athu anali kalaliki ku Harare. Nyumba iliyonse ili ndi chake chimodzi. Tsopano inu mukufuna muziike zonse pamalo amodzi. Amuna makumi angati, jekete limodzi."

Mnzanga anaphulika kuseka. Anayesa kugwira pakamwa koma zinakanika.

"Mwaona," anatero bambowo, mofatsa. "Mwaseka. Ndipo inuyo ndinu mwana wabwino."

Kenako ndinapempha kuti andilole ndiyang'ane ndekha m'bokosimo, popanda foni.

"Ukayang'ana chiyani, poti nkhopeyo suidziwa? Ukangoona amayi a anzako atavala zobwereka. Amene angamuloze ndi amene anamubereka. Ndizibwera Loweruka lililonse ndi zochepa, za atsikana a msinkhu umenewo. Aziona agogo ako okha."

"Agogo maso akutha, bambo."

"Ndikudziwa. Ndizibwera dzuwa lili pamutu."

Pobwerera ndinali nditakwiya kwambiri moti sindinkaona njira. Mnzanga ankati mdala ameneyu ndi wouma mutu, ndipo anandiuza nzeru: iye akacheze nawo pakhonde za kwaya, ine ndipemphe madzi akumwa, ndilowe, ndipeze bokosilo. Ndisaname, sabata yonse ndinkaganizira zimenezo ndikusoka. Chinandiletsa si chilungamo. Ndinkadziwa kuti ngakhale nditatsegula bokosilo, mayi anga ndingawadutse osawazindikira.

Loweruka anabweradi, wapansi, envulopu ili m'thumba la malaya. Nthawi imeneyo tinkakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, khomo lake loyang'ana kumsewu. Anakhazika agogo pakhomo pomwe, pamene kuwala kunali kwambiri. Ine anandiuza kuti nditereke tiyi ndipo ndikhale choyang'ana kukhoma. Ndinkamva envulopu ikutsegulidwa, ndi agogo akupuma pafupi ndi pepala.

"Uyu ndi mkazi wa uje, wa ku mafulati. Anali ndi pakamwa ngati wailesi."

"Amayi, tinagwirizana kuti osatchula."

"Ndiye ndione bwanji osanena, achimwene? Maso ndilibe, pakamwa mukufuna munditsekenso?"

"Ingonenani kuti si iye."

"Si iye. Koma diresi limeneli ndikulidziwa, linali la..."

"Amayi."

"Si iye."

Tsiku limenelo anabwera ndi zisanu ndi ziwiri. Zonse zinabwerera m'thumba. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Agogo anali atawauza kuti mwana wawo ankajambulitsa pa tchalitchi ndi pa maukwati, ndipo bambowo ankasankha za kumeneko. Sabata iliyonse agogo ankayandikizitsa pepala kudiso kuposa sabata yatha. Ine ndinkamva ndi makutu: nthawi yoyang'ana chithunzi chimodzi inkatalika.

Komabe ndinayamba kuyembekezera Loweruka pa chifukwa chinanso. Munthu woyang'ana kukhoma amamva zambiri. Ndinamva mmene bambowo ankaperekera zithunzi, chimodzi chimodzi, osatulutsa china chisanabwerere chinzake. Tsiku lina mayi wa chipinda choyandikana anabwera kudzasuzumira, ati akufuna machesi. Nthawi yomweyo ndinamva envulopu ikulowa m'thumba, ndipo bambowo anayamba kumufunsa za mwendo wa amuna ake mpaka anatopa n'kuchoka. Anthu a m'zithunzizo ambiri anali m'manda. Panalibe amene akanabwera kudzadandaula. Iwo ankawasamala ngati ali panja akudikira.

Loweruka lachinayi, envulopu itatsekedwa, ndinatembenuka ndi tiyi ndipo ndinalimba mtima kufunsa zimene mpingo wonse unkafunsa kumbali.

"Bambo, bwanji inuyo simufuna kujambulidwa?"

Anauzira tiyi, n'kumwa pang'ono.

"Kufuna ndimafuna. Kale munthu akabwera kudzajambulitsa, ndisanagwire kamera ndinkafunsa kuti chikupita kwa yani. Chopita kwa mayi ake, munthu amaima mwina. Chopita kwa chibwenzi, amaima mwinanso, chibwano m'mwamba. Chopita kwa apongozi, manja kumbuyo. Nkhope imadziwa amene ikumuyang'ana. Tsopano mwana akandilozetsa foni ndimadzifunsa kuti chikupita kwa yani. Akuti kwa aliyense. Aliyense ndi ndani? Ine sindidziwa kuti ndimuimire bwanji."

"Nanga mwana wanu wa ku Joni?"

"Uja amaimba ya vidiyo. Ndimaona kuti ndi iye, ndimakonza kolala. Mayi ake akanakhala moyo, bwenzi ndikujambulitsa mwezi uliwonse."

"Bodza," anatero agogo. "Mukuopa kuti anthu aona dazi."

"Dazi amaliona ulele Lamlungu lililonse, amayi."

Ndinakhala ndi mawu amenewo masiku angapo. Ndinkayang'ana mnzanga uja akudzijambula pa nthawi yopuma, akutembenuza mutu uku ndi uku, kufufuta, kuyambiranso. Sindinamuone ngati wopusa. Ndinangoona kuti akuvutika kupeza poimira. Ndipo ndinayamba kuwaona mwina anthu ochepa amene ndimawadziwa opanda nkhope pa foni: mayi wodula nsalu kuntchito kwathu, amene ali ndi ana atatu okongola koma amawaonetsa kwa munthu mmodzi mmodzi, foni ili m'manja mwake, kondakitala wina wa kombi amene anaika chithunzi cha tayala. Kale ndinkati onse ali ngati ine, amadziona osayenera kuonedwa. Si onse. Ena amadziwa bwino lomwe amene akufuna kuti awaone, ndipo anthuwo ndi owerengeka.

Funso lawo lija, lakuti chikupita kwa yani, ndi limene linanditsegula mutu. Zithunzi zimene agogo ankazidziwa zinali zimene mayi anawapatsa, ndipo zimenezo zinapita ndi sutukesi. Chotsala m'bokosi chikanakhala chimene agogo sanachionepo. Mayi anga ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi a ku Waterfalls, ankagona komweko, kubwera ku Mbare kamodzi pa sabata.

Loweruka lachisanu, ndili choyang'ana kukhoma, ndinafunsa: "Bambo, kodi ku Waterfalls munkafikako?"



"Ndinkafikako. Atsikana a ntchito ankandiitana eni nyumba akachoka."

"Kudzatani?" anatero agogo.

"Kudzajambulitsa pageti, amayi. Ena pagalimoto." Anazengereza. "Ena ankavala za adona, mphindi zochepa, n'kukabwezera."

"Mwana wanga sankavala za eni."

"Sindinatero, amayi."

"Ndinamulera ine. Ngakhale chingwe sankatola."

Bambowo sanatsutse. Anamaliza tiyi, n'kutsanzika. Sabata imeneyo agogo sanandiyankhule bwino. Mbale ankaziika pansi mwamphamvu. Lachisanu madzulo anandiuza kuti ndikawauze bambo aja asavutikenso, maso awo atopa. Ndinavomera, koma sindinapite.

Loweruka bambowo anafika nthawi yawo ya masiku onse. Agogo anang'ung'udza, komabe anakoka mpando wawo kupita pakhomo. Ine ndinatembenukira kukhoma. Ketulo sindinaiike pamoto, ndinaiwala.

"Lero ndi zitatu zokha," anatero bambowo.

Choyamba chinabwerera msanga. Chachiwiri chinakhala. Ndinamva mpando ukukhwekhwereza, agogo akusendera kunja kwenikweni padzuwa. Kombi inadutsa mumsewu, kondakitala akuitanira anthu a ku tauni. Inadutsa ina.

"Diresi ili si lake," anatero agogo.

Ndinawamva akupumira pafupi ndi pepala, kenako anapitiriza.

"Koma kaimidwe aka. Mwendo umodzi kuseri kwa unzake, ngati nkhuku yomva kuzizira. Ndinamumenyera kaimidwe kameneka kuyambira ali ku pulayimale."

"Mwatsimikiza, amayi? Atsikana ambiri amaima choncho."

"Achimwene, ndinamubereka ndine, mungandifunse zimenezo? Matenesi awa ndinagula ndine pa Musika. Ankati akumuthina chala chachikulu, anaboola dala. Taonani inuyo amene muli ndi maso, phazi lamanzere."

Ndinamva bambowo akutenga chithunzicho. Anakhala nthawi.

"Ndi yobooka," anatero.

Chachitatu sanachitulutse n'komwe. Ndinamva envulopu ikupindidwa, batani la thumba likutsekedwa.

"Tembenuka tsopano, mwana wanga."

Anandipatsa ndi manja awiri, chithunzi chili chozondoka, kumsana kwake kuli m'mwamba. Kenako anaimirira, n'kupita kukaima m'mbali mwa msewu, manja kumbuyo, kuyang'ana ana akusewera mpira wa mapepala. Sanatembenuke mpaka nditawaitana.

Nkhope yake inali yaing'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Mtsikana ataima pageti lakuda, kumbuyo kwake maluwa ofiirira, atavala diresi lobiriwira lomukulira m'mapewa. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinaliri ine tsiku limenelo. Ndinakhala pansi pa simenti.

Bambowo pobwera kudzatsanzika, agogo anawagwira mkono.

"Inu mumafunsa aliyense. Ankati atumize kwa yani?"

"Sindikukumbuka, amayi."

Ndinawayang'anitsitsa pankhope, ine wodziwa kuyang'ana anthu. Mpaka lero sindidziwa ngati ananena zoona.

Chithunzicho sindinachijambulepo ndi foni. Mnzanga uja anachita kubwera kunyumba kudzachiona, anasamba m'manja kaye osauzidwa, ndipo foni yake inakhala m'chikwama. Koma zimenezo zinachitika pambuyo pake. Tsiku lenilenilo, bambowo atakhota pakona, agogo anakhalabe pampando wawo pakhomo, dzuwa likuwawomba kumaso.

"Usakaonetse anthu," anatero. "Adzati ankaba."

"Sindionetsa, agogo."

"Linali la kanthawi chabe. Wamva anena okha, ankabwezera."

"Ndamva."

Agogo anapotokola nsonga ya chitenje.

"Miyendo ndaiona. Nkhope yakana, pali utsi wokhawokha. Tandiuza, akuseka?"

Ndinasendera pafupi nawo, n'kupendeketsa chithunzicho kuti chisanyezimire.

"Akudziletsa kuseka. Aluma mlomo wam'munsi."

"Akuopa kuti adona atulukira. Tsitsi?"

"Aluka mizere yopita kumbuyo. Mphumi ili poyera, yaikulu."

"Ya agogo ako aamuna imeneyo. Maso akuyang'ana kuti?"

"Kwa wojambula. Ayi, pambali pang'ono, kumsewu."

"Ehe," anatero agogo. "Pitiriza. Usathamange. Makutu avala ndolo?"